Anawalira Ali Moyo

A Dunstan akhala akuperekeza alendo pa phiri la Zomba kuyambira ndevu zisanamere. Sukulu analekezera panjira, koma Chingerezi anachitola ndi makutu, akuyenda ndi azungu m'mapaini popita ku dzenje la Chingwe. Chimene ankanyadira kwambiri chinali Chingerezi cha chisoni. Ankati kupepesa wamba aliyense amatha. Koma mlendo akapeza chifunga chaphimba chigwa chonse, kapena akayamba kukamba za mkazi wake amene anatisiya, pamafunika mawu okuluwika, aja amanena eni chinenero zikawavuta. N'chifukwa chake alendo ankabwerera n'kumawafunsa ndi dzina.

Eddie anali mnzawo wa kukwaya ku Chikanda, bambo wa ana atatu, wogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri. A Dunstan, ndi kukoma mtima kwawo kosaona nkhope kuja, anamutenga. Anamuonetsa njira zonse, kenako mawu aja, limodzilimodzi, mpaka pomwe munthu amatsitsa mawu n'kuyang'ana pansi.

Chaka chatha a Dunstan anaterereka pamwala kumtsinje wa Mulunguzi n'kuthyoka mwendo. Anagona dzinja lonse, Eddie akuwagwirira ntchito. Atachira, foni inangoti zii. Alendo awo akale, amene ankadyetsa banja lawo, osamveka ngakhale mmodzi. A Dunstan ankangoti ndi nyengo.

Tsiku lina ali mumsika wa m'tauni, anakumana ndi Cathy, mzungu amene ankabwera chaka ndi chaka kudzaona mbalame. Mayiyo anataya mapeyala onse pansi, n'kukuwa ngati waona mzukwa. Ndipo kwa iye unalidi mzukwa! Atakhazikika, anafotokoza: Eddie anamuuza kuti a Dunstan anamwalira ndi ngozi ija, ndipo iye anadziwitsa anzake onse oona mbalame kuti azifunsa Eddie.

"Anayankhula mogwira mtima," anatero Cathy, n'kubwereza mawuwo mmene anawamvera.

A Dunstan anawazindikira onse. Anali awo, ndi kapumidwe komwe. Munthu woimba nawo nyimbo imodzi Lamulungu lililonse, amene ankabwera kudzawazonda atanyamula nthochi, anawaika m'manda ndi khasu lomwe anamubwereka. Zinawapweteka kuposa mwendo uja.

Madzulo ake mkazi wawo, a Perpetua, anawapeza atakhala pakhonde, nsapato osavula.

"Bambo a Luntha, kapitani mukamufunse. Mukhala chete mpaka liti?"

"Ndikamufunse chiyani? Mawuwo ndinamupatsa ndine."

"Ndiye chikukuwawani n'chiyani, alendowo?"

A Dunstan anapukusa mutu.

"Mayi uja akuti Eddie analira, misozi yeniyeni kutsika m'masaya. Imeneyo sindinamuphunzitse ine."