Mimba imene ndinapeka ku Meluluca

Kwathu ndi ku Meluluca, m'mbali mwa nyanja ku Mozambique, koma ndinakulira kumapiri ku Malawi pothawa nkhondo, ndiye kusambira sinditha. Anzanga akuntchito ku Lichinga sankadziwa. Tsiku lina tinakwera minibasi, ija amati chapa, kukacheza kwathu kunyanja, iwo atanyamula vinyo wawo. Titafika anati, "Iwe mwini nyanja, tipalasire bwato!"

Ndinayankha osaphethira n'komwe: "Mkazi wanga ndi woyembekezera. Kwathu kuno mwamuna wotere sakwera bwato."

Mwambowo ndinaupeka pomwepo, mimbayonso. Tsoka ilo, azakhali anga ankayanika usipa pafupi. Anaimba nthungululu mpaka asodzi anasiya kusoka maukonde.

Mpaka lero azakhali amandifunsa, "Nanga mwana uja?" Ndimangoti akubwera. Ndipepese chiyani? Bola manyazi amenewa kusiyana n'kundivuula ndi khoka.