Mlevi wa pa Geti la Hotela

A Everson Chimtengo tinkawatcha Mlevi, ndipo dzinalo ndinaliyambitsa ndine, mwachipongwe. Ine ndine Wickson, dalaivala wa basi ya kampani kuno ku dziko la eni, kutali ndi kwathu. M'mawa uliwonse ndimanyamula alonda ku Al Asmakh, kumene timagona, kukawatsitsa ku Al Dafna. A Everson anali mlonda wa pa geti la hotela, munthu wa ku Mponela, wamtali, wolankhula motsitsa mawu.

Kumudzi anayamba sukulu ya ubusa, koma bambo awo atamwalira anaisiyira panjira kuti alere azing'ono awo. Nkhani imeneyi inawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Lachisanu, tsiku lathu lopuma, tinkasonkhana m'chipinda kupemphera, iwo n'kumatiphunzitsa za ansembe a Aisraeli. Ankati opereka nsembe anali ana a Aroni okha, pomwe Alevi enawo ankalonda zipata ndi kunyamula katundu wa chihema cha Mulungu.

"Ndiye inu ndinu Mlevi weniweni," ndinatero tsiku lina. "Geti muli nalo kale!"

Anthu anafa nazo kuseka, koma iwo ayi. "Mlevi sathawa ntchito yake, Wickson. Ine ndinathawa."

Kuphunzitsa ankaphunzitsa, koma kutsogolera mwambo kapena kudalitsa anthu, ng'o. Yankho linali lomwelomwelo: "Sanandisanjike manja."

Mu Ogasiti tinataya Grayson, mlonda mnzawo wa ku Katete, ku Zambia. Mtima wake unangoima. Mapepala atatha, mkazi wake, Dainess, anaimbira a Everson ine ndili pomwepo.

"Atate, ndamva kuti kumeneko maliro amakwera ndege ngati katundu. Chonde, mwamuna wanga asanyamuke popanda mawu a Mulungu."

Abusa amene ankatithandiza anali ku tchuthi kwawo. Tonse maso anali pa a Everson. Atadula foni anati, "Umenewu si udindo wanga."

Ha! Mtima unandiwira. "Madala, zaka zitatu mwatidyetsa Aroni m'mawa, Aroni madzulo. Lero maliro ali pakhomo mukuti manja? Mayi uja walira kwa inu, osati kwa manja!" Ndinalankhula mopyola, ndikuvomera.

M'mawa mwake tinapita anthu asanu ndi mmodzi kumalo otumizirako katundu wa pandege. Dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Galimoto inafika, ndipo bokosi la Grayson linatuluka litakutidwa ngati katundu wina aliyense, pepala litamatidwa pambali. Ndinamva chisoni chosaneneka. Makina onyamulira katundu anayandikira, woyendetsa akufuula kuti, "Yala, yala!" kutifulumizitsa kuti tipatuke.

Pamenepo a Everson anakweza dzanja, monga amaimitsira magalimoto pa geti. Makina anaima. Iwo anapita kwa kapitawo, Msilamu wina wa imvi, n'kumupempha mphindi zisanu zokha. Kapitawoyo anayang'ana bokosi, anagwira pamtima, kenako analoza mzere wachikasu pansi. Tinali ndi chilolezo chofika pamenepo basi.

A Everson anatembenukira kwa ife. "Abale, Alevi ena anapatsidwa ngolo za ng'ombe. Koma amene ankanyamula zinthu zopatulika sanapatsidwe ngolo. Ankasenza pamapewa. Thupi ili linali kachisi wa Mulungu. Kaya kudalitsa ndi kwanga kaya ayi, sindikudziwa, koma kusenza ndi kwathu tonse. Vulani zipewa."

Tinasenza. Kuchokera pa galimoto kufika pamzerepo sipanatalike, mwina mapazi makumi awiri, koma tinayenda pang'onopang'ono monga timachitira kwathu popita kumanda. Grayson anali wolemera, thukuta lili kamukamu, ndipo ine misozi sindinaibise.

Tinatula bokosi pamzerepo. Tonse tinkadikira, ndipo panalibe wina woti ayambe. A Everson anatulutsa foni, anaimbira Dainess, n'kuiika pamwamba pa bokosi. Anasanjika dzanja lawo pambali pa foniyo, dzanja lomwe lija loimitsa magalimoto, ndipo anapemphera. Anamutchula Grayson dzina, anatchula mudzi wake ndi ana ake awiri, n'kumupereka m'manja mwa Mwini wake. Kapitawo uja anaima poteropo atazolika mpaka titati ameni.

Pafoni panamveka kusisima, kenako mawu a Dainess. "Zikomo, abusa. Abusa, mulipo?"

Ndinaona a Everson atatsegula pakamwa kuti amukonze, monga ankachitira ndi aliyense wowatcha choncho. Anayang'ana bokosi, anayang'ana ife.

"Ndilipo, mayi," anatero.

Masana omwewo ndinakawatsitsa pa geti lawo ku Al Dafna. Dzina la Mlevi likadalipo mpaka lero, koma palibenso amene amaseka polinena.