Chikasu m'maso mwa mng'ono wanga

Mng'ono wanga anali ndi zaka zitatu pamene anadwala TB ya mu ubongo. Anagona m'chipatala ku Nyimba masabata angapo, khosi litauma, osatizindikila n'komwe. Atatuluka, ntchito yomumwetsa mankhwala inagwela ine, chifukwa pakhomo pathu ku Luembe ndine ndekha ndinkatha kuwelenga khadi la kuchipatala.

Pa zimene anesi anatilangiza, ndinagwila ziwili: tisadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndiponso tisadabwe mkodzo ndi misozi zikayamba kufiila, ndi mmene mankhwalawo amachitila. Mwina ananenanso zina. Ine ndinkangovomela, maso ali pansi, kuopa kuoneka mbuli.

M'mawa uliwonse ndinkasungunula mapilisi pa supuni, n'kumupana ndi miyendo mpaka atameza. Sabata yachitatu anayamba kukana phala. Tsiku lina tili padzuwa, ndinaona kuti poyela pa maso ake pachita chikasu.

"Amayi, tamuonani m'masomu."

Amayi anasuzumila, manja ali m'lichelo la mtedza. "Anesi aja si ananena kuti mankhwalawa amasintha mtundu? Iwe wasukulu waiwala kale?"

Mumtima ndinkadziwa kuti kufiila ndi chikasu n'zosiyana, koma ndinali ndisanatsutsepo amayi chibadwile. M'mawa mwake ndinamumwetsa, tsiku linalo ndinamumwetsanso. Ndinkaopa kuti ndikasiya, khosi liumanso. Ndinkaopanso chimene ndinali kumuthila m'kamwa.

Tsiku lachitatu anasanza kawili, n'kungogona osafuna kudzuka. Ndinamubeleka, ndipo amayi ndinawatsanzika ndili kale m'njila.

Kukiliniki anesi anakokela chikope chake pansi ndi chala, n'kumugwila pamimba.

"Zayamba liti izi?"

Ndinafuna kuyankha kuti lelo lomwe. "Papita masiku atatu."

"Mankhwala ukumupatsabe?"

"Inde. Ku Nyimba anati tisadumphe."

Sanandikalipile. Anati mankhwala amenewa ndi amphamvu, ndipo mwa ana ena amavulaza chiwindi. Mwana akachita chikasu kapena kumangosanza, sitidikila kuti kuche. Analemba kalata, tinapita ku Nyimba tsiku lomwelo.

Kumeneko anamutenga magazi, anaimitsa mapilisi aja n'kumuika pa mankhwala ena oti agwile matendawo chiwindi chikupuma. Masiku amenewo ndinkangomugwila khosi, kumupinda mutu pang'ono kuti ndione ngati likufewabe, mpaka mayi wina wa pabedi loyandikana anandiuza kuti ndimuleke mwana agone.

Chikasu chinayamba kutha patapita masabata awili. Mankhwala akale anawabwezela umodziumodzi, akumuyeza magazi pakati pake. Anachila, ndipo tsopano ali pasukulu. Adokotala sanandiuze ngati masiku atatu aja ndi amene anamugonekanso m'chipatala mwezi wathunthu, ndipo ine sindinafunse.