Dalaiva Imene Kompyuta Inakana

Chaka chimene ndinayamba ntchito mu kaofesi kena ku Kabulonga, anandipatsa pulogalamu imene manesi a kiliniki ina ku Chelstone ankalemberamo odwala. Inkachedwa koopsa, ndipo ntchito yanga inali yoikonza. Nesi akangoyamba kulemba dzina, sikilini inkaima, amayi oyembekezera n'kumadikira pa benchi mpaka miyendo kutupa.

Ndinafufuza sabata yathunthu osapeza pamene inkatsamwa. Kenako ndinaika chida chotsata purosesa, ubongo wa kompyuta, chimene chimalemba chilichonse chomwe purosesayo ikuchita pulogalamu ikamayenda. Chidacho chimabwera ndi dalaiva yake, kapulogalamu kolowa mkati mwenimweni mwa kompyuta. Nditayatsanso makina, kompyuta inakana dalaivayo. Chitetezo chotchinga memori ya mkatimo, choti chachilendo chisakhudzeko, chinali choyaka, ndipo ziwirizi sizikanayendera limodzi.

Ndinapita kwa mdala amene ankayang'anira makompyuta onse a pa ofesi, bambo wa imvi wochokera ku Chipata.

"Ba mudala, nizimyileniko chitetezo ichi. Ola imodzi chabe."

"Awe, mwana wanga," anatero osakweza n'komwe mutu. "Makina aya yali pa netiweki imodzi na mazina ya odwala. Siningazimye."

"Manje vuto nizaipeza bwanji?"

"Uzaipeza, koma osati apa."

Ndinatuluka nditapsa mtima. Masana omwewo ndinayesa kuchizimitsa mobisa, koma batani lake silinkadinika. Mdalayo anali atalitseka kalekale. Manyazi anandigwira ngakhale panalibe wondiona.

M'mawa mwake ndinamupeza mdala uja pa geti, thukuta lili kamukamu, atanyamula kompyuta yokulungidwa m'chitenje. Anali atakwera nayo minibasi ziwiri kuchokera kunyumba kwake ku Kabwata.

"Iyi ni ya kunyumba," anatero. "Ilibe intaneti, ilibe za odwala. Apa zimya vonse vamene ufuna."

Tinaiika pa tebulo la kukhitchini, kutali ndi nthambo za netiweki. Ndinazimitsa chitetezo, dalaiva n'kulowa bwinobwino. Ndinadzaza pulogalamuyo ndi mayina opeka ambirimbiri, mdalayo akuwonjezera ake oseketsa, kenako ndinalemba dzina limodzi m'bokosi lofufuzira n'kutsegula zomwe chida chinalemba.

Vuto linali poyera. Pa chilembo chilichonse chimene munthu wadina, pulogalamu inkawerenganso kaundula yense wa odwala kuyambira pamwamba. Ndinakuwa mpaka mayi wophika tiyi anagwetsa supuni. Kukonza kwake kunali kusintha mizere yochepa chabe ya pulogalamuyo. Tiyi wanga sanazizire n'komwe.

Lachisanu ndinapita ku Chelstone kukaika pulogalamu yokonzedwayo. Nesi wamkulu anakhala pansi mokayikira, n'kulemba dzina ndi chala chimodzi. Linatuluka pompo. Anandiyang'ana, nalemba lina lalitali, nalonso linatuluka.

"Ba sisi, mwaichita chani? Bwelani muone imwe!" anaitana anzake, ndipo mmodzi anaimba nthungululu m'chipinda cha sikelo ana n'kudzidzimuka.

Potuluka ndinapeza mvula yayamba kuwaza. Makondakitala ankandiitana, "Tauni, ba sisi, tauni!" koma ndinawasiya apite. Ndinayenda wapansi mtunda ndithu m'mbali mwa msewu, nsapato zili matope okhaokha, ndikuseka ndekha ngati wopenga.