Maluwa a pa diresi la mwana wa a Kalekale

Mu shopu yathu yosoka zovala tilimo asanu, ine ndine wosita. Wamkulu mwa tonse ndi telala amene timangowatchula kuti a Kalekale, chifukwa nkhani yawo iliyonse imayamba ndi "kalekale ife". Asoka zaka makumi atatu pa makina opalasa ndi mapazi, ndipo kunena zoona, kolala yawo ilibe inzake. Vuto ndi loti amadziwa zonse, ngakhale zomwe sanazionepo.

Abwana athu atagula makina amagetsi opeta maluwa, anaikanso lamulo loti Lachitatu lililonse, tisanatsegule, mmodzi aziphunzitsa anzake kanthu kamodzi. Mnzathu wina, mayi wa mabatani, amene anaphunzira utelala m'manja mwa a Kalekale omwewo, ndiye anawagwira msanga makinawo, nayamba kutiphunzitsa. A Kalekale ankakhala kumbuyo, tepi ili m'khosi, maso ali kudenga.

"Kalekale ife maluwa tinkasiyira njuchi," ankatero.

Tsiku lina kunabwera mwana wawo wamkazi womaliza, atanyamula nsalu yoyera. Ukwati wake unali utatsala masabata anayi.

"Ababa, ndikufuna maluwa awa pachifuwa ndi m'mikono," anatero akuwaonetsa chithunzi pa foni. "Ngati simungathe musadandaule, ndipita kwa telala wa kutsidya kwa msewu."

Telala wa kutsidyayo ndi munthu amene a Kalekale amati amasoka ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Mwanayu anamusokera okha chilichonse kuyambira yunifolomu yake yoyamba, ndiye diresi la ukwati likasokedwe kwina? Nkhope yawo inagwa, ndipo ine ndinawamvera chisoni.

M'mawa mwake anakaima kumbuyo kwa mayi wa mabatani.

"Ndikungoona ngati ukuchita bwino," anatero.

Mayiyo ndi wochenjera. Anayamba kugwira ntchito pang'onopang'ono, akudziyankhulira yekha mokweza: "Apa ndidine ichi, kenako nditsitse ichi." A Kalekale anaonerera choncho masiku atatu. Tsiku lachinayi, ife titapita kukadya masana, anayesa okha pa kachidutswa ka nsalu. Pobwera tinapeza singano itathyoka, ulusi utapiringizana, duwa likuoneka ngati dzira lokazinga.

"Makinawa anabwera olakwika," anatero, thukuta lili kamukamu.

Ine ndinathawira kuseri kwa zovala zopachika kukaseka.

Lachitatu lotsatira a Kalekale anakokera mpando kutsogolo, kope la sukulu lili pamwendo. Phunziro lili mkati, tinangoona dzanja lakwera m'mwamba.

"Paja pomangitsa ulusi paja, tabwerezani. Sindinamve."

Abwana anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Palibe anaseka. Kuyambira tsikulo a Kalekale ankafunsa mpaka kutopetsa, ndipo anawononga tizidutswa khumi ndi kamodzi asanakhudze nsalu yoyera ija.

Mwana uja atabwera kudzayesa diresi, anaima pa galasi nthawi yaitali akusisita maluwa a m'mikono.

"Ababa, mwapeta nokha zimenezi?"

"Ndekha," anayankha a Kalekale, chifuwa chili patsogolo. Kenako anatembenukira kwa mayi wa mabatani, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ankangomuitana kuti iwe. Anamuloza ndi manja awiri. "Koma aphunzitsi anga ndi awa. Uwathokoze."

Mayi wa mabatani anawerama pansi pa tebulo, ati akufuna batani, ngakhale panalibe batani lomwe linagwa.