Tsaya la Kumanzere

Akulu okonza mawailesi mumsewu uno amadana ndi mawu oti "mwina". Ukawauza kuti wailesi yangofa yokha, amakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Chongofa chokha kulibe." Amachotsa waya umodzi, kuyesa, n'kubwezera, ngakhale tsiku lithere pomwepo.

Mwana wa aneba awo ankatuluka zidzolo kumaso, zikapola n'kubweranso. Mankhwala a kuchipatala ankangozigonetsa masiku ochepa. Apongozi a mayi wa mwanayo anali atagamula kale kuti mayiyo ndi wauve, ndipo ankati atenga mdzukulu wawo akamulere okha.

Akuluwa anakana kuti nkhani ithe choncho. Anauza mayiyo kuti azisintha chinthu chimodzi pa sabata: sopo, kenako mafuta, kenako pilo. Sizinathandize, koma funso limodzi silinawachoke: bwanji tsaya la kumanzere lokha?

Madzulo ena ali pakhonde, akuluwa anaona bambo a mwanayo, mmisiri womanga nyumba, akuweruka ali mbuu. Mwana anawathamangira, iwo n'kumunyamula, tsaya lija n'kutsamira paphewa la ovololo yodzaza simenti.

Akuluwa anakuwa kuti, "Achimwene, vulani kaye chimenecho! Mwanayu mukumupaka pulasitala ngati khoma."

Patatha sabata ziwiri, nkhope ya mwana inali see. Apongozi anati, "Basi, tingothokoza kuti zatha."

Akuluwa, amene anali pakhomo pa anebawo, anati, "Sizinathe, mayi. Mpongozi wanuyu mwamunyoza miyezi itatu. Pakamwa panatuluka 'uve' pomwepo patulukenso 'pepa'."

Ndipo sanasunthe pakhomopo mpaka anamva 'pepa' uja ndi makutu awo.