Tsiku Limene Atate Anadya Nkhwani

Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mbendera yatsopano ya ufulu itangokwezedwa kumene, ndipo m'nyumba mwathu ku komboni ya mgodi ya Wusakile munalibe munthu wovuta pa zakudya kuposa ine. Masamba sindinkafuna n'kuwaona komwe. Nkhwani, bonongwe, kholowa, zonsezo ndinkazitcha udzu. Amayi akandiikira m'mbale ndinkangoti ndwii, manja kumbuyo.

Atate ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo masiku amenewo mkuwa umene ankakumbawo unali pa mtengo, choncho nyama sinkasowa pakhomo. Monga mwa chikhalidwe cha kwathu ku Katete, iwo ankadya okha patebulo, amayi ndi achimwene anga akudyera kukhitchini. Ine ndekha, pokhala mzime, ndinkaloledwa kukhala pamwendo pawo n'kumapisa dzanja m'mbale yawo. Patebulo pamenepo masamba sankakhalitsapo. Amayi akayesa kuikapo kambale, atate ankakakankhira kutali ndi chala chimodzi.

"Amake Yohane, ine si mbuzi," ankatero, poitana amayi ndi dzina la achimwene anga oyamba kubadwa. "Sindinakwere sitima kudzadya masamba kuno."

Ine ndinkaseka kwambiri, ndipo mawuwo ndinawaloweza. Ndinkawanena ngakhale kwa alendo, amayi akuchita manyazi.

Kenako m'mbali mwa milomo yanga munatuluka zilonda. Ndikayasamula zinkang'ambika, ndipo kuchimbudzi ndinkakhalako mpaka kulira. Amayi ananditengera kukiliniki ya mgodi. Sisita wa kumeneko, mayi wamtali wolankhula Chibemba, anandikoka chikope n'kundiuza kuti nditulutse lilime.

"Uyu umwana talya umusalu," anatero, kutanthauza kuti sindidya masamba.

Anawapatsa amayi masabata atatu. Zilonda zikapanda kuuma, ndidzagonekedwa m'chipatala. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa kwa ine chipatala chinali malo a jakisoni kumene amayi ako amakusiya n'kubwerera okha. Komabe mantha sananditsegule pakamwa.

Amayi anayesa zonse. Anakagula mtedza kumsika wa Chisokone, kusinja, kusefa, n'kutendera nkhwani zanthete za kuseri kwa nyumba. Ndinakana. Anadula masamba tizidutswa n'kutibisa mu msuzi wa nyama, ine ndinkatola kamodzikamodzi n'kutindandalika m'mphepete mwa mbale. Atandiopseza ndi mthiko ndinaika m'kamwa, kusunga m'tsaya, n'kukalavula kuseri kwa chimbudzi. Sabata yoyamba inatha chotero.

Lamlungu titachoka ku Misa, amayi anaika patebulo nsima ndi mbale imodzi yokha ya nkhwani zotendera. Fungo la nyama linkamveka ndithu kuchokera kukhitchini. Atate anavundukula mbaleyo, n'kuyang'ana amayi.

"Nyama yatha?"

"Ilipo," anayankha amayi ataima pakhomo, osagwada monga ankachitira masiku onse. "Koma atate ake Yohane, mwana uyu amadya zimene mukudya inu. Mukakankha mbale, nayenso akankha. Anatipatsa firii wiki chabe, imodzi yapita. Ngati n'kumugoneka, mukamugoneke ndinu."

Ndinali ndisanamvepo amayi akulankhula choncho kwa atate. Ndinayembekezera kuti mbaleyo iuluka. M'malo mwake atate anandigwira chibwano ndi dzanja lawo lokhakhala lija, n'kuyang'anitsitsa zilonda zanga kwa nthawi ndithu. Atatero anasamba m'manja, ananema mbamu, anasunsa mu nkhwani n'kumeza, kenako anamwera madzi. Ananemanso ina, n'kumweranso madzi.

"Atate, mwasanduka mbuzi?" ndinafunsa. Achimwene anga, amene ankasuzumira pakhomo la khitchini, anathawa akufa ndi phwete.

"Ee, ndasanduka," anatero atate osaseka. "Ndiye mwana wa mbuziyo ndiwe. Idya."

Ndinadya. Zinali zofewa, zonunkhira mtedza ndi tomato, ndipo zinandikomera, ngakhale sindinavomere tsiku limenelo. Tinamaliza mbale yonse awiri. Mawa lake kunali bonongwe, mkuja wake repu, ndipo nyama inkabwera pokhapokha masamba atatha. Pamene tinkabwerera kukiliniki zilonda zinali zitauma, ndipo sisita uja anangondisisita m'mutu n'kuitana wotsatira.

Kuyambira pamenepo masamba sanachokenso patebulo lathu. Atate ankawadya tsiku lililonse mpaka ndinakula, kapu ya madzi ili pafupi. Ine ndinkati ndi ludzu la kumgodi.

Zenizeni ndinadzazimva pa maliro a atate ku Katete, kwa azakhali anga, mlongo wawo wa atate. Anati iwo ndi atate ali ana kunagwa njala, ndipo kwa miyezi ingapo ankangodya masamba owiritsa, opanda nsima, opanda mchere. Mng'ono wawo, amene atate ankagona naye pamphasa imodzi, anamwalira chaka chimenecho. Atate analumbira kuti akadzayamba ntchito sadzalawanso masamba, ndipo fungo lake lokha linkawachititsa nseru. Amayi ankazidziwa zimenezi pamene ankaika mbale ija patebulo.

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa panalibenso mpata wowathokoza. Masiku ano mdzukulu wanga akakana ndiwo sindithamangira mthiko, ndimayamba ndayang'ana m'mbale yanga. Ndipo ndikudziwa tsopano kuti madzi aja sanali a ludzu. Atate ankamezera nawo zimene zinkawakanira kukhosi, kuti ine ndidye.